Funsani Azakhali: Mwana ali kubere, nkhani ili m'mutu, ndilembe nthawi yanji?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa sitolo ina ya zipangizo zomangira m'tauni. Ndinachira masabata 7 apitawo, mwana wamkazi, wachisamba. Ndisanachire ndinkalemba buku la nkhani yopeka m'Chichewa. Ndinafika pa mutu 9, ndipo mathero ake ndikuwadziwa. Chitulukireni m'chipatala sindinalembeko ngakhale mzere umodzi. Mayi anga anabwera kuchokera ku Kasungu, anakhala mpaka mchombo utagwa, kenako anabwerera chifukwa cha zokolola. Bambo a mwana amagwira ntchito ku Nkhata Bay, amabwera Lachisanu madzulo n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Ndinayesa kumadzuka 3 koloko usiku kuti ndilembe. Usiku wachitatu ndinasinza pampando mwana ali kubere, ndinadzidzimuka atatsetsereka mpaka m'maondo. Ndinalira mpaka kunja kunacha. Apongozi anga atamva anangoti, "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Tchuthi changa cha uchembere chikutha sabata yamawa. Kodi ndingosiya zolembazi mpaka mwana adzakule? Ndikamaganiza za bukuli mwana akulira ndimadziona ngati mayi woipa. Inu munkatani?

Make mwana, Chibavi

Amake mwana,

Mwachira, tithokoze Mulungu. Mwanayo akule ndi mphamvu.

Ndiyambe ndi za pampandozo, chifukwa n'zimene zandikhalitsa pansi kalata yanu ili m'manja. Zodzuka 3 koloko zija zithe lero lomwe. Khanda la msinkhu umenewo limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usana ndi usiku womwe. Limagona kwambiri, inde, maola 14 mpaka 17 mukawaphatikiza, koma limagona modukizadukiza, ola limodzi apa, awiri apo, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere sukhalitsa m'mimba. Ndiye inu amene mukuyamwitsa mwakathithi ndikukayika ngati mwagonako maola anayi otsatizana chichirireni. Thupi lotere likafuna kugona silipempha chilolezo, limangozima. Ndipo pampando kapena pasofa ndi malo oopsa zedi kusinzirapo khanda lili m'manja. Likhoza kugwa, likhozanso kupanikizika kumaso pakati pa inu ndi khushoni n'kubanika. Mukamva tulo tikubwera, mugonekeni mwana chagada pa matiresi olimba, m'kati mwa neti, popanda mapilo kapena bulangete lomufika kumaso. Ndipo poti ino ndi nyengo yachisanu, ndionjezepo ichi: mbaula isagone m'chipinda chotseka. Mpweya woipa wa makala suoneka, sununkha, umapha anthu ali m'tulo.

Apongozi anu musawasungire chakukhosi. Mawu awo analuma, koma ananena mtima uli m'mwamba chifukwa cha mdzukulu wawo, ndipo pa za usiku umenewo sanalakwitse. Pomwe ndisiyana nawo ndi apa: pusi wa m'mwambiwo anagwa chifukwa anatambasula manja onse awiri ali yekha mumtengo, wopanda womugwira. Inu simuyenera kukhala nokha mumtengomo.

Mwafunsa kuti ine ndinkatani. Mwana wanga woyamba anabadwa mu June 1998 ku chipatala cha St John's, Mzuzu Central Hospital isanatsegulidwe. Tinkakhala ku Chiputula, nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Ine ndinkaphunzitsa Sitandade 6, bambo ake ankayendetsa lole ya matabwa a ku Chikangawa, masiku atatu kapena anayi osaoneka pakhomo. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo mayi anga nawonso anangokhala za chikuta basi n'kubwerera. Mukuidziwa June ya kuno. Nkhungu mpaka 9 koloko, kamvula kowaza kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyandama, matewera osauma masiku awiri. Ndinkawayanika m'nyumba, pa chingwe chochokera pa msomali wa chitseko kukafika pa windo, moti podutsa unkachita kuwerama. Pansi pa chingwe chimenecho m'pamene panali katebulo kanga kolembera. Tsiku lina ndinasiya kope lili chitsegulire, matewera akudontha usiku wonse. Linali sewero limene ndinkalembera ana asukulu, ndipo m'mawa ndinapeza inki itasungunuka masamba ambiri, mawu atasanduka mabala abuluu. Miyezi iwiri ndinkaliyang'ana kope limenelo ngati munthu amene ndili naye ngongole, ndikaliona n'kutembenukira kumbali.

Amene anandimasula ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, Mtumbuka wa ku Rumphi, wamkulu ndithu kwa ine. Amuna awo anali ku Johannesburg. Iwo sukulu sanapite nayo patali, ndiye kalata ikabwera ankandibweretsera kuti ndiwawerengere ndi kuwalembera yankho, iwo akunena m'Chitumbuka, ine ndikulemba, ndikufunsa pomwe sindinamve. Loweruka lina anandipeza ndikulira, mwana akuliranso, nsima itapserera pambaula. Sanafunse zambiri. Anatenga chitenje chimene chinali pampando, anabereka mwana, n'kunena kuti akupita kumsika abwera dzuwa likafika pamutu. Ndinagona maola awiri onsewo, nsapato zili kuphazi. Loweruka lotsatira anabweranso, ndinagonanso. Loweruka lachitatu m'pamene ndinagula kope lina n'kuyamba kukopera zomwe zinkawerengeka. Kuyambira pamenepo zinakhala ngati chipereganyu: ine makalata awo ndi masamu a mwana wawo wa Sitandade 8, iwo maola awiri Loweruka lililonse ndikangomaliza kuyamwitsa. Sewero lija ndinalimaliza mwana ali ndi miyezi 11, ndipo ana analisewera potsekera teremu, mayi aja ali pa benchi yakutsogolo mwana wanga ali pamiyendo pawo.

Ndakufotokozerani zonsezi kuti muone chinthu chimodzi. Nthawi yolembera, mayi wa khanda saitola panjira. Ola lililonse limene wakhala pansi n'kulemba, pali manja a munthu wina amene anyamula mwana. Ngakhale abambo amene mabuku awo tinawerenga kusukulu, ambiri ankalemba chifukwa kunja kwa chitseko kunali mkazi atabereka mwana akuphika. Choncho musavutike kusakasaka ola m'kati mwa usiku. Sakani munthu.

Munthu woyamba muli naye kale. Bambo a mwana amakhala pakhomo Loweruka ndi Lamulungu. Musawauze kuti "muzindithandizako", mawu amenewo alibe mutu, aliyense amavomera ndipo palibe chimachitika. Auzeni kuti, "Loweruka kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko mwana ndi wanu. Ndimuyamwitsa kaye akhute." Ndipo mmodzi wa inu achoke pakhomo. Ichi ndikuchinena ndi mphamvu, chifukwa mwana akalira chipinda chinacho mawere amayamba kudontha okha, mutu wonse umathamangira komweko, ndipo bambo akangoona kuti muli pafupi amabwera naye pakhomo la chipinda kuti "akufuna inu". Kaya iwo ayende naye, kaya inu mukwere sacramento, njinga ya kabaza ija, mukakhale mu laibulale ya National Library Service m'tauni, kaya mupemphe khonde la mnzanu wa nyumba yachitatu. Musapite kutali koti kubwerera kungavute. Pa msinkhu uno maola awiri ndiwo mpata umene mwana angakupatseni pakati pa kuyamwa. Mukapita kusikelo pemphani anamwino akuonetseni kufinya mkaka ndi manja. Mkaka wofinyira m'kapu yoyera yovundikira umakhala bwinobwino maola anayi popanda firiji, ndipo mwana amamwa ndi kapu kapena supuni. Luso limeneli mulifunanso sabata yamawa mukabwerera kuntchito.

Ngati apongozi ali pafupi, apatseni gawo lawo. Musawapemphe kuti avomereze zolemba zanu, ingowapemphani kuti anyamule mdzukulu wawo Lamulungu masana. Ndaonapo apongozi olusa akufewa mdzukulu akangowagonera pachifuwa. Ndipo yang'anani pa mdadada wanu ku Chibaviko. Pali mayi wina amene akufuna womuwerengetsera ndalama za geni yake kapena za banki m'khonde, ndipo inu ndiye ntchito yanu imeneyo. Kupempha si kuba, makamaka pamene nanunso muli ndi chopereka.

Loweruka loyamba mukagona m'malo molemba, simunawononge kanthu. Ine ndinagona awiri.

Nanga masiku enawo? Amenewo ndi masiku otola nkhuni, Loweruka ndilo lophika. Apa ndikufuna mukumbukire kumene nkhani zathu zinachokera. Agogo athu amene ankati "padangotero" ife n'kuyankha kuti "tili tonse" analibe tebulo. Ankapeka nthano manja akutong'ola chimanga, mwana ali kumsana. Nkhani inkakhala m'kamwa isanafike papepala, ndipo inu mungathe kuibwezera komweko kwa miyezi ingapo. Mukamazungulira pabwalo mukutonthoza mwana, muuzeni mutu 10 mokweza. Iye sasamala kuti mukunena chiyani, akufuna kumva mawu anu ndi kugwedezeka kwa msana wanu. Foni ikhale m'manja ikujambula mawu, kenako mudzitumizire nokha pa WhatsApp. Ine mu 1998 ndinalibe foni, ndinkabwereza chiganizo kasanu, kakhumi, ndikuchapa, kuti chisathawe ndisanapeze pensulo. Ndinadzaona pambuyo pake kuti zolankhula za ampangankhani zimene ndinapeka motere zinali zamoyo kuposa zimene ndinkalemba nditakhala patebulo, chifukwa chiganizo cholemera lilime limachikana, chimene chatsala ndi chokhacho chimene munthu anganenedi.

Khalaninso ndi kakope kakang'ono, pensulo yomangiriridwa ndi ulusi, pamalo pamene mumayamwitsira masana. Dzanja limodzi limakhala lomasuka. Musalembemo ziganizo zokongola. Lembani mawu atatu kapena anayi okukumbutsani: "malume akana ng'ombe", "kalata ipezeka m'thumba la jekete". Nthawi zina osalemba n'komwe, kungowerenga tsamba limodzi la mitu 9 yomwe muli nayo kale. Buku lalitali chimene chimalipha ndi kuiwalana ndi anthu a m'katimo, kufika poti sukumvanso mmene amalankhulira. Tsamba limodzi patsiku likukwanira kuti asakhale alendo. Ndipo Loweruka, mphindi zisanu zomaliza, dzilembereni kakalata konena pomwe mwalekeza ndi chimene chikubwera, kuti sabata yamawa musathe theka la ola mukufufuza khomo. Masamba awiri Loweruka lililonse amapitirira masamba 100 pachaka. Kwa munthu amene ali pa mutu 9 ndipo mathero akuwadziwa, zimenezo si zochepa.

Chinthu chimodzi chitani sabata ino, musadikire. Ngati mitu 9 ija ili m'makope, ijambuleni tsamba ndi tsamba ndi foni, mutumize ku imelo yanu. Ngati ili pakompyuta, tumizaninso. Ife a ku Mzuzu tinaona mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University ikupsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa tsiku limodzi. M'nyumba ya khanda muli mabeseni a madzi, makandulo magetsi akazima, ndipo posachedwa mukhala timanja tong'amba chilichonse.

Kusikelo musapite ndi mtima wakuti mukukataya m'mawa wonse pamzere. Katemera wa masabata 6 munabayitsa, akubwera wa masabata 10 ndi wa masabata 14, ndipo mwezi ndi mwezi mwana azikakwera sikelo. Khalani pa benchi ku Mapale kapena kulikonse kumene mumapita, tcherani khutu. Pamzere umenewo pamamveka Chichewa, Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, nthawi zina m'chiganizo chimodzi. Mmodzi akudandaula za lendi, wina akulangiza mnzake wachichepere za liwombo, wina wangokhala chete wagwira kabuku ka kusikelo mwamphamvu ngati wina akalanda. Ndinaonapo mtsikana, mwina wa zaka 17, akuvula mwana wake juzi ndi sokosi kuti akwere sikelo, kenako n'kuika tisokosito m'kamwa kuti manja onse awiri agwire mwana, ndipo anaiwala kutichotsa mpaka anamwino atamufunsa dzina. Ndinamusunga m'mutu zaka zambiri mpaka analowa m'nkhani ina. Zoterezi musanachire simukanaziona. Koma mayina a anthu ndi zinsinsi zawo zisiyeni pa benchi pomwepo.

Za kuntchito. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limapereka masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndiye n'chifukwa chake mukubwerera mwana akadali wamng'ono chonchi. Lamuloli litakonzedwanso mu 2021 linaonjeza kuti mayi woyamwitsa azipatsidwa theka la ola kawiri patsiku, nthawi yantchito, kuti ayamwitse, kwa miyezi yosachepera 6 chibadwireni mwana. Kambiranani ndi abwana anu musanayambe, mugwirizane nthawi yake. Mphindi zimenezo ndi za mwana ndi mawere anu, musazisandutse zolembera. Ndipo mwezi woyamba wobwerera kuntchito musayembekezere zambiri kuchokera ku bukulo. Dziwaninso kuti pano muli pachimake pa kulira. Makanda ambiri amalira kwambiri akafika masabata 6 mpaka 8, ndipo zimayamba kuchepa pofika miyezi itatu kapena inayi. Mmene zilili lero si mmene zikhalire mu September.

Mwafunsa ngati mungosiya mpaka mwana adzakule. Ine sindikanakonda, chifukwa "adzakule" alibe tsiku. Akasiya kuyamwa amayamba kukwawa, akayamba kuyenda pamabwera mng'ono wake. Ndikudziwa amayi amene anaika kope m'sutikesi kuti adzaliona bwino, ndipo analipezanso akusaka satifiketi ya mwana yemweyo akupita ku sekondale. Koma ngati inuyo, mutaganiza bwino, mukuona kuti mukufuna kupuma mpaka mwana ayambe phala pa miyezi 6, pumani, ndipo lembani tsiku lobwerera pa kalendala, muwauzenso bambo ake. Chokhacho n'chakuti mupume chifukwa mwasankha nokha, osati chifukwa mwambi wa apongozi wakuchititsani manyazi.

Mawu akuti "mayi woipa" andiwawa. Mayi woipa salira mpaka kucha chifukwa mwana watsetsereka pamiyendo. Kuganiza za buku mwana akulira n'chimodzimodzi kuganiza za ndiwo zamadzulo kapena za geni, palibe amene amatcha mayi wa kumsika woipa chifukwa akuwerengetsera mtengo wa tomato mwana ali kubere. Mwana wanu wamkazi adzakula akuona mayi ake ali ndi kope m'manja, ndipo ine monga mphunzitsi ndikuuzeni kuti ana otere ndinkawazindikira m'kalasi.

Komabe ndikufunseni mosabisa, monga ndikanafunsira mwana wanga wobereka ndekha. Kulira kuja kunali kwa usiku umodzi wa mantha, kapena mumalira masiku ambiri? Masiku oyamba mayi atachira, misozi imabwera yokha popanda chifukwa, ndipo zimatha pasanathe masabata awiri. Koma ngati mpaka pano mtima uli wolemera tsiku ndi tsiku, tulo sitibwera ngakhale mwana atagona, chakudya sichikoma, zinthu zimene munkazikonda sizikukusangalatsani, kapena mumaganiza zodzivulaza kapena kuti mwana akanakhala bwino popanda inu, amenewo ndi matenda, amagwira amayi ambiri ndipo amachizika. Si ulesi, si kuchepa kwa pemphero. Auzeni anamwino kusikelo mawu omwewo amene mwandilembera ine, kapena pitani ku St John of God konkuno ku Mzuzu, kumene ntchito yawo ndi ya thanzi la m'maganizo. Pitani ndi bambo a mwana kapena mnzanu amene mumamukhulupirira. Zikakhala choncho buku lidikire kaye, tiyambe ndi inu.

Mundilemberenso mukafika pa mutu 10. Ndikufuna kumva amene ananyamula mwana.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mlakatuli, ndimakhala ku Luwinga. Mkazi wanga akuyembekezera kuchira mwezi wamawa. Ndamva kuti masiku ano abambo timapatsidwa tchuthi mwana akabadwa. Ndikuganiza zomalizira buku langa la ndakatulo pa masiku amenewo, poti apongozi adzakhalapo kuthandiza. Kodi pali cholakwika?

Bambo woyembekezera, Luwinga

Bambo,

Mwamva zoona. Kuyambira 2021 lamulo limapatsa bambo wapantchito masabata osachepera awiri, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Koma cholakwika chilipo, ndipo ndikuthokozani kuti mwafunsa zisanachitike.

Masabata awiri amenewo ndi amene mkazi wanu adzakhale ali ndi mabala, akuphunzira kuyamwitsa, osagona. Apongozi adzathandiza, koma ndi munthu mmodzi, mwinanso wamkulu, ndipo adzabwerera kwawo. Matewera adzafuna wochapa, madzi osamba adzafuna wofunditsa, makala wogula, phala wophika. Usiku mayi akamaliza kuyamwitsa, mwana adzafuna phewa loti ageyerepo kuti mayiyo agone. Padzafunikanso maso a munthu amene sanatope kwambiri. Mayi akamataya magazi ambiri, akatentha thupi, mutu ukamuwawa kwambiri kapena akamaona zachimbuuzi, mwana akakana bere, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga, akachita chikasu, kapena pamchombo pakafiira ndi kutuluka mafinya, muyenera kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Munthu amene wadzitsekera kuchipinda ndi ndakatulo sangazione zimenezi.

Werengani yankho langa kwa mayi wa ku Chibavi pamwambapa. Manja amene ndikunena aja ndi anu. Kakope ikani m'thumba la malaya, ndakatulo ndi yaifupi, mizere iwiri imalembeka muli pa benchi ya kuchipatala kapena mukudikira madzi awire. Ndikukhulupirira kuti zimene mudzalembe mwana atakugonerani pachifuwa zidzafuna malo m'buku lomwelo, choncho musathamangire kulitseka.

Mwezi umene watsalawu ndiwo wanu. Sanjani ndakatulo zomwe zilipo, konzani zofunika kukonza, mupatse mnzanu mmodzi awerenge. Madzulo ano khalani pansi ndi akazi anu muone ngati zitenje, beseni ndi kabuku ka kusikelo zili m'chikwama chimodzi pafupi ndi chitseko, ndipo musunge m'foni nambala ya wagalimoto wa ku Luwinga komweko amene amayankha usiku.

Azakhali